Mizati, zigoba ndi mbedza za a Tlingit, a Haida ndi a Nuxalk: chifukwa chiyani eni ake akuzifuna kwawo?

Mu Febuluwale 2023, pa myuziyamu yaikulu ya chigawo cha British Columbia ku Canada, yotchedwa Royal BC Museum, amisiri anagumula mbali ina ya khoma n'kuchotsa mawindo a pansanjika yachitatu. Kenaka chimakina chonyamulira katundu wolemera chinatulutsa mzati wosemedwa bwino n'kuutsitsa pansi mwapang'onopang'ono. Pansipo panali anthu a mtundu wa Nuxalk, ena akuimba ndi kuomba ng'oma, ena misozi ili mbwembwembwe. Mzatiwo unakwezedwa pa galimoto, ulendo wa makilomita pafupifupi 1,000 kuchoka mumzinda wa Victoria kupita ku Bella Coola. Unali utachoka m'dera lawo mu 1913.

Munthu woona nkhani imeneyi ali kutali akhoza kudabwa kuti mtengo wakalekale ukuvutitsiranji anthu mpaka kukasuma kukhoti. Ena amaganiza kuti mizati imeneyi ndi mafano opembedza. Enanso amangoiona ngati ziboliboli zazikulu zokopera alendo. Maganizo onse awiriwa akuphonya. Kwa eni ake, chosema chimanena kuti banja lakutilakuti ndi ndani, linachokera kuti, ndipo lili ndi ufulu pa malo ati, mtsinje uti, dzina liti ndi nyimbo iti. Tikamvetsa zimenezi, zina zonse, kuyambira pa kasemasema wa mmisiri mpaka pa milandu ya masiku ano, zimayamba kumveka.

Anthu ake ndi ati?

Mitundu itatuyi imakhala m'mphepete mwa nyanja ya Pacific, kumpoto chakumadzulo kwa North America, dera la mvula yambiri, nkhalango zowirira ndi zilumba zosawerengeka. A Tlingit ali kum'mwera chakum'mawa kwa Alaska, m'malo monga Sitka, Juneau, Klukwan ndi Yakutat, ndipo ena ali kumtunda m'dziko la Canada. A Haida kwawo ndi pa zilumba za Haida Gwaii, zomwe mpaka 2010 pa mapu zinkalembedwa kuti Queen Charlotte Islands. Midzi yawo ikuluikulu lero ndi Skidegate ndi Old Massett, ndipo abale awo ena ali ku Hydaburg ku Alaska. A Nuxalk ali cha kum'mwerako, m'chigwa cha Bella Coola, pomwe nyanja inalowerera kwambiri pakati pa mapiri. Zilankhulo zawo n'zosiyana kotheratu, moti sangamvane.

Anthu amenewa sankadalira khasu. Chakudya chawo chinkachokera m'madzi, makamaka nsomba za salmon zomwe chaka ndi chaka zimachoka m'nyanja n'kukwera m'mitsinje mwaunyinji kukaswana. M'nyengo yotentha mudzi wonse unkagwira nsomba n'kuziwamba pa utsi, ndipo nyengo yozizira ikafika chakudya chinkakhala chili kale m'nyumba. Miyezi yozizirayo ndiyo inali ya miyambo, magule ndi kusema. N'chifukwa chake anthu osalima anatha kumanga midzi yokhazikika ya nyumba zikuluzikulu za matabwa, kukhala ndi mafumu, anthu wamba, komanso akapolo ogwidwa kunkhondo kapena ogulidwa. Ankathanso kusunga amisiri odziwa ntchito imodzi mozama, omwe ankaitanidwa kumidzi yakutali n'kulipidwa bwino.

Mtengo wake ndi zida zake

Pafupifupi zonse zinkayambira pa mtengo wa cedar wofiira. Mtengowu umakula kwambiri, ndi wofewa posema, suwola msanga, ndipo umang'ambika mowongoka. Anthuwa analibe macheka, choncho thabwa ankalipeza pokhomera timitengo tolimba tosongola kapena nyanga m'thunthu, motsatizana, pomenya ndi nyundo yamwala mpaka thabwa lonse litayepuka. Nthawi zina ankachotsa thabwa pa mtengo woti uli chiimire osaugwetsa, ndipo m'nkhalango za kumeneko mukadali mitengo yamoyo yokhala ndi zipsera zimenezo. Khungwa lake amayi ankalisenda, kuliumika ndi kulifewetsa n'kulukira zipewa, mphasa, madengu, zingwe ndi zovala.

Chida chachikulu cha wosema ndi kasemasema. Kumpoto, kwa a Tlingit ndi a Haida, mpini wake unkakhala nthambi yopindika ngati chigongono. Cha kum'mwera ankakondanso wina wa chogwirira chachifupi chomwe dzanja limalowa mkati. Kale, lilime la kasemasema linkakhala la mwala wolimba wobiriwira wonoledwa kwa nthawi yaitali, ndipo pa ntchito zing'onozing'ono ankagwiritsa ntchito zigoba za nkhono za m'nyanja ndi mano a beaver, kanyama ka m'madzi kamene kamagwetsa mitengo ndi mano ake. Chitsulo ankachidziwa pang'ono azungu asanafike, china chochokera ku zidutswa za zombo zosweka zomwe mafunde ankakankhira kugombe. Koma kuyambira cha m'ma 1780, zombo za ku Ulaya ndi ku America zitayamba kubwera kudzagula zikopa za akatumbu a m'nyanja, chitsulo chinachuluka. Ntchito yosema inayamba kufulumira, chuma chinalowa m'midzi, ndipo mizati inakula n'kuchuluka kwambiri m'zaka za m'ma 1800. Chida china chofunika ndi mpeni wa nsonga yopindika, umene mmisiri amakokera kwa iye mwini pogoba mkati mwa mbale kapena chigoba. Akatswiri ambiri sasalaza mzati. Amasiya timabala ta kasemasema tofanana, tondandalikana bwino, ndipo wodziwa amaona luso la mmisiri pa timabala timeneto.

Luso lawo limaonekera bwino pa bokosi lopinda. Mmisiri amatenga thabwa limodzi lalitali n'kugoba timizere titatu modutsa, mozama koma osaboola. Malo ogobawo amawafewetsa ndi nthunzi, kale poika thabwalo pamwamba pa miyala yamoto yofunditsidwa ndi zomera za m'nyanja zonyowa. Likafewa amalipinda katatu, n'kukhala bokosi la mbali zinayi lopanda cholumikiza m'ngodya zitatu. Ngodya yachinayi yokha ndiyo amaisoka ndi mizu kapena kuikhoma ndi timitengo. Akaika thabwa la pansi, bokosilo silidontha. Ankasungiramo mafuta a nsomba, zovala za miyambo ndi chakudya, ndiponso ankaphikiramo: amathira madzi, n'kumaponyamo miyala yotentha mpaka madziwo atawira.

Bwato nalo linkadutsa m'njira yofananayo. Akagoba thunthu mpaka m'mbali mutapyapyala mofanana, ankathiramo madzi, kuponyamo miyala yamoto, n'kumatanula m'mbalimo ndi mitanda mpaka bwatolo litatambasuka kuposa mmene thunthu linalili. Kulakwitsa pang'ono, ntchito ya miyezi yambiri inkang'ambika tsiku limodzi. Mabwato aakulu a a Haida ankafika mamita 15 kapena kupitirira, ndipo ankadutsa pa nyanja yoopsa ya Hecate Strait. Kumpoto kwa dziko la a Tlingit cedar wofiira samera, motero iwo ankagula mabwato otere kwa a Haida.

Mbedza yosankha nsomba

Chida chimene ine chimandigometsa kwambiri ndi mbedza yogwirira halibut, nsomba yaphanthiphanthi ya pansi pa nyanja imene ikakula imatha kupitirira makilogalamu 100. A Tlingit amaitcha náxw. Ndi timitengo tiwiri tomangidwa pamodzi ngati chilembo cha V, kamodzi ka mtengo wopepuka, kena ka mtengo wolemera, ndipo mkati mwake muli chobaya chafupa kapena chachitsulo chomwe amamangirirapo nyambo. Mwala umakokera chingwe pansi, koma mbedzayo imayandama pang'ono pamwamba pa mchenga. Halibut sidya mochita kuluma, imachita kuyamwa nyambo, ndipo ikalephera kumeza imalavula mwamphamvu. Polavulapo m'pamene chobayacho chimalowa m'kamwa.

Nzeru yaikulu ili pa kukula kwa mpata wa pakati pa timitengoto. Nsomba yaing'ono singathe kulowetsa kamwa. Yaikulu kwambiri, imene ingagubuduze bwato, nayonso siikwanira. Zogwidwa ndi zapakatikati, ndipo popeza halibut zikuluzikulu zimakhala zazikazi zoikira mazira ambiri, mbedzayi imasiya mbewu m'nyanja. Pa kamtengo kamodzi amasemapo chithunzi cha nyama kapena cha munthu wa mizimu, ndipo chimayang'ana pansi kumene kuli nsomba, osati kwa msodzi. Msodzi ankailankhula mbedza yake asanaiponye m'madzi. Pamenepa m'povuta kulekanitsa chida, chokongoletsa ndi pemphero.

Kuwerenga zojambula zawo

Munthu akaona koyamba bokosi kapena khoma lojambulidwa ndi a Haida kapena a Tlingit, amaona ngati maso ambirimbiri osokonekera. Komatu muli malamulo okhwima. Katswiri wina wa ku Seattle, Bill Holm, anawafotokoza mu 1965 n'kupatsa kajambulidweka dzina loti formline, kutanthauza mzere umene umapanga thupi lonse la chojambulacho. Mzerewu nthawi zambiri umakhala wakuda, umanenepa n'kuonda uku ukuyenda, ndipo suduka. Umazungulira zinthu ziwiri zobwerezabwereza: china chooneka ngati dzira lophwatalala, chomwe chimaimira diso kapena mfundo ya thupi, ndi china chooneka ngati chilembo cha U, cha nthenga, makutu ndi zipsepse. Utoto wofiira umabwera pachiwiri, wobiriwira mopita ku buluu pachitatu. Wakuda unkachokera ku makala kapena miyala, wofiira ku dothi lakatondo, ndipo ankausakaniza ndi madzi a mazira a salmon kuti umatirire.

Nyama iliyonse ili ndi chizindikiro chake. Khwangwala ali ndi mlomo wautali wowongoka, chiwombankhanga wokhota kunsonga. Beaver amadziwika ndi mano awiri akuluakulu ndi mchira wa mizere yopingasana. Namgumi wa mtundu wa orca ali ndi chipsepse chachitali pamsana, ndipo chule ali ndi kamwa lalikulu lopanda mano. Nthawi zina mmisiri amaing'amba nyamayo pakati m'maganizo mwake n'kuiyala mbali zonse ziwiri kuti idzaze malo onse.

A Nuxalk ali ndi kasemedwe kawokawo. Zigoba zawo zovala kumaso zimakhala zonenepa, za mphumi yopendekera kumbuyo ndi milomo yotuluka, ndipo amakonda utoto wabuluu wowala umene umazindikirika msanga.

Mwini wake ndani?

Apa m'pamene pagona nkhani. A Tlingit onse anagawika m'magulu awiri, a Khwangwala ndi a Chiwombankhanga, amene m'madera ena amatchedwa a Mmbulu. A Haida nawonso ali ndi a Khwangwala ndi a Chiwombankhanga. Mwa mwambo, munthu ankakwatira ku gulu linalo, osati lake. Mkati mwa gulu lililonse muli mafuko, ndipo mwana amatsata fuko la mayi ake. Mchewa izi sizingamuvute kumva: monga kwathu mwini mbumba amakhala malume ndipo ufumu umapita kwa mwana wa mlongo, kwa a Tlingit ndi a Haida mnyamata ankaphunzitsidwa ndi malume ake, ndipo dzina, nyumba ndi chipewa cha ufumu zinkachoka kwa malume kupita kwa iye. A Nuxalk ndi osiyana, chifukwa munthu amatha kulandira maina ndi ufulu kuchokera kuchimuna ndi kuchikazi komwe.

Fuko lililonse lili ndi zizindikiro zake, monga namgumi, chimbalangondo kapena chule, ndipo chizindikiro chilichonse chili ndi mbiri ya mmene makolo anachipezera, kawirikawiri pa chochitika china chimene munthu wa fukolo anatayapo moyo. A Tlingit chuma chotere amachitcha at.óow. Mawuwa amaphatikiza chipewa chosema, mkanjo, nyimbo, dzina, nthano, ngakhalenso phiri kapena mtsinje. Mtsogoleri wa fuko ndi wosunga chabe. Alibe mphamvu yogulitsa, chifukwa eni ake ndi fuko lonse, akufa, amoyo ndi osabadwa.

Chipewa chongosemedwa kumene sichinakhale at.óow. Choyamba, fuko limapempha mmisiri wa gulu linalo kuti aseme. Kenaka chimatulutsidwa pa mwambo waukulu umene azungu anautcha potlatch, pomwe a Tlingit amati ku.éex', kutanthauza kuitana. Kawirikawiri umachitika pokumbukira womwalira, patapita chaka kapena kuposerapo. Eni mwambo amaitana a gulu linalo, amawadyetsa, amafotokoza mbiri ya chinthucho pamaso pa onse, n'kugawa mphatso ndi ndalama m'dzina lake. Alendo akalandira mphatsozo ndiye kuti avomera kukhala mboni. Kwa anthu amene analibe zolembalemba, umenewu ndiwo unali kaundula wa dziko. Ndipo pa maliro, a gulu linalo amatulutsa zipewa ndi mikanjo yawo n'kulankhula ngati kuti makolo awo abwera kudzapukuta misozi ya ofedwa. Chipewa chimene chatsekeredwa m'galasi kutsidya la nyanja sichingagwire ntchito imeneyi.

Mizati ija, imene dziko lonse limaidziwa ndi dzina loti totem, ili m'gulu lomweli. Ina inkaima kutsogolo kwa nyumba, khomo lili pa mzati pomwepo. Ina inali nsanamira za mkati. Ina inkaimikidwa pokumbukira mfumu, ndipo ina ya a Haida inali ndi bokosi pamwamba loikamo thupi la womwalirayo. Panalinso mizati yochititsa manyazi munthu wangongole. Wotchuka ndi wa William Seward, nduna ya America imene inagula Alaska kwa Russia mu 1867. Atacheza kumudzi wa Tongass mu 1869 analandira mphatso zaulemu koma sanabweze, ndipo a Tlingit anamusema pamwamba pa mzati. Palibe amene ankagwadira mizati imeneyi.

Zovala ndi zodzikongoletsera

Chovala chaulemu kwambiri ndi mkanjo wa Chilkat, wolukidwa ndi ubweya wa mbuzi za m'mapiri wopotedwa pamodzi ndi luzi la cedar wachikasu. Mwa mwambo, mwamuna ankajambula theka la chithunzi pa thabwa, mayi n'kuluka mbali zonse ziwiri ndi zala zokha, ulusi uli lendelende pa mtanda. Kalukidweka kamatha kutulutsa mizere yozungulira yeniyeni, chinthu chovuta kwambiri pa nsalu, ndipo kuluka mkanjo umodzi kumatenga chaka kapena kuposa. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1900 oluka anali atatsala ochepa zedi. Mayi Jennie Thlunaut a ku Klukwan, amene anamwalira mu 1986, anaphunzitsa gulu la achinyamata ali okalamba kwambiri, ndipo oluka ambiri a lero luso lawo linadzera kwa ophunzira amenewo.

Mfumu ikamavina imavala pamphumi kachosema kakang'ono kokongoletsedwa ndi zigoba zonyezimira za nkhono ya abalone, zomwe zabwino kwambiri zinkachokera kutali ku California. Pamwamba pake pamaima ndevu za nyama ya m'nyanja yotchedwa sea lion ngati kampanda, ndipo mkati mwa kampandako amaikamo nthenga zofewa za chiwombankhanga. Wovinayo akagwedeza mutu, nthengazo zimauluka n'kugwera alendo, chizindikiro cha mtendere.

Panalinso zipande za nyanga za mbuzi ndi nkhosa za m'mapiri, zofewetsedwa m'madzi otentha n'kuumbidwa, zogwirira zake zitasemedwa tinyama totsatizana. Amayi a mabanja apamwamba ankaboola mlomo wa m'munsi n'kuvalapo kathabwa, kamene kankakula pamene mayiyo akukula. Mafumu ankasunga mkuwa wosulidwa ngati chishango, wokhala ndi dzina lakelake, umene mtengo wake unkakwera nthawi iliyonse ukaonetsedwa pa mwambo. Ankhondo a Tlingit ankavala zipewa zochindikala zamtengo zosemedwa nkhope zoopsa, ndi malaya a timitengo tolukana kapena a zikopa, ena osokereredwa ndalama zachitsulo za ku China. Chipewa cha Khwangwala chimene K'alyáan anavala pomenyana ndi a Russia ku Sitka mu 1804 chikadalipo m'tauni yomweyo.

Zinthu zachilendo zikafika, amisiri sankazikana. Mabulangete a amalonda anawasokerera nsalu zofiira ndi mabatani onyezimira, n'kukhala mikanjo ya mabatani imene ikuvalidwa mpaka lero. Ndalama zasiliva anazisula n'kukhala zibangili, ndipo pamene amishonale analetsa kudinda zizindikiro za fuko pakhungu, zizindikirozo zinasamukira pa zibangilizo. A Haida anayambanso, cha m'ma 1820, kusema mwala wakuda wofewa wotchedwa argillite, wokumbidwa pa phiri la Slatechuck pafupi ndi Skidegate, kuti azigulitsa kwa amalinyero. Izi zinali za malonda kuyambira pachiyambi, ndipo Charles Edenshaw, amene anamwalira mu 1920, anatchuka nazo kwambiri. Choncho si chosema chilichonse cha m'myuziyamu chimene chinabedwa. Zambiri zinapangidwira kugulitsa.

Zigoba za a Nuxalk

Malinga ndi mbiri za a Nuxalk, zotchedwa smayusta, makolo oyamba anatsika kuchokera ku nyumba ya kumwamba atavala zikopa za nyama ndi mbalame, aliyense n'kutera pa phiri lake. Banja lililonse limadziwa phiri lake ndi nyama imene kholo lawo linavala, ndipo zimenezi n'zimene zimasemedwa pa mizati ndi zigoba za magule a mafumu otchedwa Sisaok. Gulu lina, la Kusiut, linkavina m'nyengo yozizira kuonetsa zamoyo za kumwamba monga Bingu, Dzuwa ndi Mwezi. Chigoba china chodziwika bwino chimaimira mawu obwerera m'mapiri. Chili ndi milomo ingapo yochotseka, ndipo wovina amatembenuka, n'kusintha mlomo mobisa pansi pa mkanjo kuti aoneke ngati akutsanzira wina. Kale zigoba zambiri za Kusiut zinkatenthedwa mwambo ukatha, kuti osalowa m'gululo asadziwe chinsinsi.

Mu 1885 amuna 9 a Nuxalk anatengedwa kupita ku Germany kukaonetsa magule awo. Ku Berlin anakumana ndi Franz Boas, amene chidwi chake pa zigoba zawo chinamufikitsa ku gombe limeneli, ndipo anadzakhala mmodzi wa akatswiri otchuka pa maphunziro a chikhalidwe cha anthu.

Zinachoka bwanji m'midzi?

Mu 1862 nthomba inabuka ku Victoria n'kufalikira gombe lonse. A Haida, amene kale anali masauzande ambiri, pofika 1915 anali osakwana 600 pa zilumba zawo. Opulumuka anasiya midzi yambiri n'kusonkhana m'midzi iwiri. A Nuxalk nawonso anasiya midzi monga Talyu n'kusamukira ku Bella Coola. Osonkhanitsa zinthu za m'myuziyamu akafika pa mudzi wopanda anthu ankati ndi bwinja lopanda mwini, pamene eni ake ankadziwa bwinobwino kuti mzati uliwonse ndi wa yani. Mu 1899 ulendo wa mpondamatiki Edward Harriman unatenga mizati pa mudzi wa a Tlingit wa Cape Fox mwa njira imeneyi, ndipo ina inabwezedwa mu 2001.

Boma la Canada linaletsa potlatch kuyambira 1885 mpaka 1951. Ana ankatengedwa kupita kusukulu zogonera komweko kumene ankalangidwa akalankhula chinenero chawo. Ku Alaska kunalibe lamulo lofanana ndi limeneli, koma mipingo ndi akuluakulu a boma ankakakamiza anthu kusiya miyambo. M'nyengo yotere ena anagulitsa zinthu chifukwa cha umphawi, ena chifukwa cholowa Chikhristu, ndipo ena anagulitsa zomwe sizinali zawo okha. Za mzati wa a Nuxalk uja, zolemba za myuziyamu zimasonyeza kuti unagulidwa, pamene Mfumu Snuxyaltwa, mdzukulutuvi wa Louie Snow amene anausema, imanena kuti unatengedwa popanda chilolezo cha banja. Mfumuyi inakasuma mu 2022 itaona kuti lonjezo lobweza likuchedwa.

Mbali ziwiri za mkangano

A myuziyamu ali ndi mfundo zawo. Mzati ukasiyidwa pa mvula ya kumeneko kawirikawiri umawola pasanathe zaka 100, ndipo zambiri zimene tikuziona lero zikanatha. Amisiri amene anadzutsanso lusoli anaphunzira zambiri poyang'anitsitsa ntchito zakale m'myuziyamu. Mmodzi ndi Bill Reid, amene chosema chake chinali pa ndalama ya madola 20 ya Canada kuyambira 2004 mpaka 2012. Wina ndi Robert Davidson, amene mu 1969, ali ndi zaka 22, anaimika mzati woyamba ku Old Massett patatha zaka pafupifupi 90.

Eni ake amayankha kuti kuwola si tsoka. Mzati uli ndi moyo wake, umakalamba, umagwa, ndipo mdzukulu amasema wina n'kuitananso anthu. Pa mudzi wakale wa SGang Gwaay, umene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inauika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1981, a Haida akuisiya mizati ya manda kuti ibwerere kunthaka pang'onopang'ono, alonda awo akuyang'anira.

Malamulo ndi osiyana. Ku America, lamulo la 1990 lotchedwa NAGPRA limakakamiza myuziyamu zolandira ndalama za boma kubweza mafupa a makolo, zinthu zopatulika ndi chuma cha fuko lonse. Canada ilibe lamulo lotere la dziko lonse, motero nkhani iliyonse imayenda mwa kukambirana. Nthawi zina mkangano umakhala wa pachibale. Mu 1984 anthu ena a m'banja anachotsa nsanamira ndi khoma losema m'nyumba yotchuka ya Whale House ku Klukwan kuti zikagulitsidwe. Zinakhala m'nyumba yosungira katundu ku Seattle mpaka khoti la mudziwo litagamula mu 1993 kuti ndi za fuko lonse, ndipo zinabwerera chaka chotsatira.

Pali njira zinanso zimene zikuyesedwa. Mu 2005 a Smithsonian, bungwe la myuziyamu zazikulu za dziko la America, anabweza chipewa cha Namgumi kwa mtsogoleri wa fuko la Dakl'aweidí, Mark Jacobs Jr., ali m'chipatala ku Sitka, ndipo anamwalira patangopita masiku ochepa. Pambuyo pake fukolo linalola kuti chipewacho chijambulidwe ndi makina a kompyuta, n'kusema china chofanana nacho choti chizionetsedwa ku Washington. Mu 2014 zinachitika mosemphanitsa: abale awiri a Haida, Gwaai ndi Jaalen Edenshaw, anapita ku Pitt Rivers Museum ku Oxford, n'kukhala pambali pa bokosi lakale lotchuka akusema lina lofanana nalo, ndipo latsopanolo ndilo linapita ku Haida Gwaii kuti ana aziphunzirirapo.

Vuto la zosema zabodza

Pamene zakale zikubwerera, msika wa alendo wadzaza ndi timizati ndi zigoba zosemedwa kunja, zongotengera maonekedwe. Zimalanda malonda a amisiri enieni, ndiponso zimagwiritsa ntchito zizindikiro za mafuko popanda chilolezo. Ku America, lamulo la 1990 la Indian Arts and Crafts Act limaletsa kugulitsa chinthu monama kuti chinapangidwa ndi eni nthaka. Mu 2023 wamalonda wina amene ankagulitsa ku Ketchikan zosema zochokera ku Philippines ngati za eni nthaka a ku Alaska anagamulidwa kukhala m'ndende zaka ziwiri. Ku Canada amisiri akupemphabe lamulo lotere. Pakadali pano wogula amalangizidwa kufunsa dzina la wosema, mtundu wake ndi mudzi wake, chifukwa mmisiri weniweni sabisa zimenezi.